Tisanapake penti: kuphunzitsa eni franchise atsopano kuno kuchigwa

Munthu akangolipira ndalama yolowera mu franchise, mtima wake wonse umapita pa tsiku lotsegulira. Amaona kale khoma litapakidwa penti ya kampani, chikwangwani chili pamwamba pa khomo, amfumu akudula riboni, chimkuzamawu chikusokosera msika wonse. Maphunziro amene ayenera kuchita tsikulo lisanafike amawaona ngati chomuchedwetsa. Ine ndinalembedwa ntchito yomuchedwetsayo.

Ndimaphunzitsa anthu ofuna kutsegula mashopu a mbewu, feteleza, mankhwala a mbewu ndi a ziweto m'dzina la kampani ina imene sindiitchula pano. Dera langa ndi Chikwawa ndi Nsanje, kuyambira pa Thabwa kutsika mpaka ku Marka, kuphatikizapo tsidya lakum'mawa kwa Shire. Kayendedwe ka franchise n'kosavuta kufotokoza. Kampani imakubwereka dzina, penti, buku la kayendetsedwe ka shopu ndi njira yopezera katundu. Iwe umabweretsa mpamba, nyumba ndi thukuta, kenako mwezi ndi mwezi umapereka gawo la zimene wagulitsa. Kuno ng'ombe n'zambiri, ndiye anthu amamva msanga ndikawauza kuti zili ngati ng'ombe yokusungitsa: mkaka umamwa, ngolo umakoketsa, ndowe umathira kudimba, koma mwini wake akaona kuti ikuonda amabwera kudzaitenga, iwe n'kutsala ndi khola lopanda kanthu limene unamanga ndi ndalama zako.

Amene amabwera ndi osiyanasiyana. Pali abambo opuma pantchito ku esiteti ya nzimbe ku Nchalo, penshoni ikuwayabwa m'manja. Pali aphunzitsi opuma, amene amalemba bwino kwambiri m'kope koma sanagulitsepo ngakhale machesi. Pali amayi amene anayamba ndi kupikula mlamba ndi makakana ku Elephant Marsh, n'kukula ndi banki m'khonde mpaka kufika poganiza za shopu yanjerwa. Amenewa masamu a m'mutu amandiposa. Ndiye pali anyamata amene mpamba wachokera kwa achimwene awo ku Johannesburg, ndipo funso lililonse lovuta amayankha kuti afunse kaye pa WhatsApp.

Vuto loyamba ndi loti kuchigwa kuno taphunzitsidwa kwambiri. Chiyambire madzi osefukira a 2015, kenako Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, mabungwe akhala akutsika zitunda za Chikwawa ndi mapepala omata pakhoma. Sindikuwanyoza, anapulumutsa anthu. Koma zinatisiyira chizolowezi. Munthu akamva kuti kuli maphunziro amayembekezera holo ya pa loji, chakumwa cha 10 koloko, alawansi ya madzulo ndi satifiketi yokapachika pabalaza. M'mawa woyamba sipalephera wina wokweza dzanja mwaulemu n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga za mayendedwe zikhala bwanji?" Ndimayankha kuti mayendedwe alipira okha, nkhomaliro adzigulira okha, ndipo alembe zonsezo m'kope chifukwa imeneyo ndi ndalama yoyamba imene bizinesi yawo yadya. Nkhope zimagwa. Ena amaseka poganiza kuti ndikucheza.

Poyamba kampani inkaitanira anthu onse ku Blantyre, m'chipinda chozizira bwino, n'kumawaonetsa zithunzi pakhoma. Ndinalimbana nazo mpaka anandilola kutsitsira maphunzirowo kuno, m'shopu yeniyeni imene ikugulitsa. Mfundo imene inandithandiza pokangana ndi mabwana ndi ya McDonald's, kampani imene aliyense wa franchise amaitchula ngati kholo. Sukulu yawo yotchuka ija, Hamburger University, inayamba mu 1961 m'chipinda chapansi pa lesitilanti imene inkagulitsa, ku Elk Grove Village m'chigawo cha Illinois. Mpaka lero munthu wofuna lesitilanti yawo amayamba wagwira ntchito m'lesitilanti ya wina kwa miyezi yambiri, kukazinga, kukolopa, kuwerenga ndalama. Ngati olemera otero amaphunzitsira pamoto, ife ogulitsa dibi tinkafunanji ku hotela?

Komabe tisanafike pakauntala timayamba ndi pepala la mgwirizano, ndipo apa ndi pamene ndimakhalitsa kuposa mmene mabwana amafunira. Pepalalo linalembedwa m'Chingerezi cha maloya. Ambiri amabwera atangoona tsamba lomaliza pamene pali mzere wosainapo. Timakhala pansi pa mtengo kuseri kwa shopu, n'kumaliwerenga ndime ndi ndime, ine ndikumasulira m'Chichewa, wina akuthandiza m'Chisena pamene pavuta. Ku South Africa lamulo loteteza ogula la 2008 limati wogulitsa franchise apereke chikalata choulula zonse masiku 14 munthu asanasaine, ndipo akasaina amakhalabe ndi masiku 10 ogwira ntchito oti asinthe maganizo. Ku America nakonso masiku 14 amenewo alipo. Kwa munthu wa ku Tengani kapena ku Sorgin, chimene chingamuteteze tsiku la mkangano ndi zimene anamvetsa asanaike dzina lake papepala.

Ndime imene imawazunguza kwambiri ndi ya gawo la kampani. Pafupifupi aliyense amabwera akuganiza kuti kampani imatenga gawo la phindu. Ayi, imatenga gawo la zogulitsa. Kusiyana kwake sikumveka ndi mawu, ndiye timachita masamu. Manambala awa ndi ongoyerekeza, si a kampani yathu. Tinene kuti mwezi uno mwagulitsa katundu wa K5,000,000, ndipo katunduyo munaoda pa K4,250,000. Patsala K750,000. Ngati gawo la kampani ndi 4 pa 100 iliyonse ya zogulitsa, mupereka K200,000. Nambala 4 imaoneka yaing'ono papepala, koma yadya kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama imene munatsala nayo, musanalipire lendi, mlonda, wogulitsa, magetsi ndi galimoto yotsitsa katundu kuchokera ku Limbe.

Tsiku lina titamaliza masamu amenewa, bambo ena amene anakhala kapitawo ku esiteti zaka zambiri anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

"Aphunzitsi, ndiye kuti mwezi umene ndaluza, ndidzaperekabe?"

"Mudzaperekabe, bambo. Bola mwagulitsa."

"Nanga iwowo aluza liti?"

"Shopu yanu ikatsekedwa."

Anakhala chete, kenako anapinda pepalalo kanayi n'kuliika m'thumba la malaya, nati akakambirane kaye ndi mayi akunyumba. Anabweranso, ndipo anasaina, koma atasintha nyumba imene ankafuna kuchita lendi n'kutenga ina yotsika mtengo kuseri kwa msika. Funso lawo lachitatu lija ndimalifunsa gulu lililonse tsopano, chifukwa limafotokoza ubale wonsewo mosabisa: kampani imakufunira zabwino ndithu, koma ululu wa mwezi woipa umayamba kuumva ndiwe.

Pali ndime zina zimene zimamveka bwino ku ofesi koma kuno zimasanduka nthabwala. Ina imati palibe shopu ina ya dzina lathu imene idzatsegulidwe pa mtunda wa makilomita akutiakuti kuchokera pa yako. Wolembayo anajambula chozungulira pamapu. Sanaganize kuti pakati pa chozunguliracho pakudutsa Shire, ndipo munthu wa ku Makhanga, ngakhale ali pafupi ndi Bangula pamapu, kuti akafike amalipira bwato ndi njinga yake yomwe. Ndimeyo sikutetezanso kwa mnyamata amene tsiku lamsika amayala pulasitiki pansi pa mtengo n'kumagulitsa mbewu yopaka utoto ndi mankhwala opanda chizindikiro, motchipa kuposa iwe. Ina imati katundu yense uziodera kwa kampani basi. Chabwino, nanga mvula yoyamba ikagwa, alimi ali pamzere, kudepoti kulibe mbewu ya mapira? Ndimawauza afunse funso limenelo asanasaine, ndipo yankho lilembedwe. Yomaliza ndi ya kulekana: mukasiyana, katundu wotsala agula ndani, pa mtengo wanji, ndipo khoma lija adzafute penti ndani. Palibe amene amafuna kumva za kulekana ukwati usanachitike, koma ankhoswe anzeru amaikamba.

Za zikalata za boma sinditaya nthawi. Dzina la bizinesi likalembetsedwe ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, nambala ya msonkho ya TPIN ikatengedwe ku MRA, laisensi ya khonsolo ilipidwe, chilolezo chogulitsira mankhwala ophera tizilombo chichokere ku Pesticides Control Board, ndipo wogulitsa mbewu ndi mankhwala a ziweto akhale ndi zilolezo zake. Ndi nkhani ya kuyenda ndi kudikira pabenchi. Chokhacho chimene ndimalimbikira ndi choti zonse zikhale zitatuluka penti isanagulidwe, chifukwa lendi sidikira chikalata.

Chimene chimapha mashopu ambiri kuno si zikalata, ndi kalendala. Buku la kampani linalembedwa ndi anthu amene m'mutu mwawo muli mlimi wa ku Lilongwe kapena Kasungu: agula feteleza ndi mbewu ya chimanga mu Okutobala ndi Novembala, agulitsa fodya kuyambira Epulo. Mwini shopu wa pa Ngabu akatsatira bukulo liwu ndi liwu, adzaza nyumba ndi matumba a feteleza n'kumawayang'ana mpaka atauma gwa. Mvula yakuno ndi yochepa komanso yosadalirika, n'chifukwa chake kumtunda anthu amalima mapira, mchewere, thonje ndi chitowe. Chimanga chambiri chimalimidwa kudimba madzi akaphwa, pa nthaka imene mtsinje wasiya, ndipo ambiri sathirako feteleza wochuluka. Ndiye shopu yakuno ili ndi nyengo ziwiri, ndipo kwa ena ya dimba ndiyo yaikulu: mbewu ya chimanga chocha msanga, nyemba, tomato, mpiru, ndi mankhwala a mbozi imene yakhala ikuvutitsa chimanga kuyambira cha m'ma 2017.

Ndimawapatsa pepala lalikulu, aliyense ajambule miyezi 12, alembe mwezi umene kwawo kumakhala ndalama ndi kumene imachokera. Apa mphunzitsi amakhala iwowo. Wa pa Nchalo amadziwa kuti msika umadzuka ndi malipiro a ku esiteti, ndipo fakitale ikasiya kugaya nzimbe kumapeto kwa chaka, antchito a nyengo akabwerera kwawo, tawuni imazizira. Wa pa Ngabu amawerengera thonje ndi msika wa ng'ombe, ndipo amakuuza yekha kuti boma likaletsa kuyendetsa ziweto chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, ndalama imasowa boma lonse. Wa ku Nsanje amaonjezera makasitomala ochokera ku Mozambique, ndi funso loti akabwera ndi metikali awerengere bwanji. Mankhwala a thonje amafunika mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi yomweyo imene m'midzi ina anthu akulowa m'dambo kukazula nyika kuti ana adye. Kasitomala alipo, chosowa chilipo, ndalama palibe. Nkhupakupa nazo zimachuluka nthawi yamvula yomweyo. Chitopa chimasesa nkhuku nyengo yotentha. Tikamaliza kujambula, aliyense amaona ndi maso ake miyezi imene shopu idzadya yokha, ndipo funso limabwera lokha: mwa mpamba wanga, ndisiye zingati pambali zoti zindiolotse miyezi imeneyo? Amene anakonza zothira ndalama yonse m'katundu wa tsiku lotsegulira amayamba kufufuta manambala.

Kenako timapita pakauntala. Wophunzira aliyense amagwira ntchito masabata angapo m'shopu ya mnzake amene anatsegula kale, ndipo sapatsidwa mpando. Amafika kusanatenthe, kusesa, kutulutsa chikwangwani, kupanga mzere wa mabotolo, akale kutsogolo atsopano kumbuyo. Amaphunzira kulemba lisiti ngakhale wogula paketi imodzi ya mbewu ya mpiru. Amaphunzira kuti wolipira pa Airtel Money kapena Mpamba asamuonetse uthenga pa foni yake, koma iye aone yekha pa foni ya shopu kuti ndalama yalowadi, chifukwa mauthenga abodza alipo. Madzulo chitseko chikatsekedwa ndi pamene pali phunziro lenileni. Timathira ndalama ya m'kabati patebulo, kusanja ma K5,000 paokha, ma K2,000 paokha, zasiliva m'mbale. Wina akuwerenga mabotolo pashelefu mokweza, wina akuchonga m'buku. Thukuta likudontha pakope, udzudzu wayamba. Buku likuti patsale mabotolo 14 a dibi, pashelefu pali 13. Palibe amene apite kunyumba. Timayang'ana kuseri kwa makatoni, timabwereza malisiti, mpaka wina akumbukira kuti masana kunabwera mnyamata wa kabaza wotumidwa ndi mwini shopu, anatenga botolo limodzi, osalemba. Mwini shopuyo amachita manyazi pamaso pa ophunzira, ndipo manyazi amenewo amaphunzitsa kuposa chilichonse chimene ndinganene.

Lamulo limene limavuta kulowa ndi loti ndalama ya m'kabati si ya mwini shopu. Ndi ya katundu wa mawa, ya lendi, ya kampani, ya msonkho. Mwini adzilembere malipiro ngati wantchito, atenge tsiku lake, basi. Aphunzitsi opuma aja amagwedeza mutu kuvomera. Amayi a nsomba aja amatsutsa, amati, "Aphunzitsi, ndiye ndiwo zathera kunyumba, ndalama ili apa, ndikagone ndi njala?" Ndimati tengani, koma lembani. K2,000 ya ndiwo siigwetsa shopu. Imene imagwetsa ndi K2,000 yosalembedwa ya tsiku lililonse, kuonjezapo ya pamaliro, ya kutchalitchi, ya mwana wadwala, mpaka tsiku loodera katundu likafika m'kabati muli theka.

Ndiye pali ngongole ya achibale. Buku la kampani lili ndi mzere umodzi wokha pa nkhaniyi: musakongoze katundu. Wolembayo sanaimepo pakauntala apongozi ake ali kutsogolo, chipewa chili m'manja, ng'ombe ikudwala kukhola. Kuno ukatsegula shopu pakwanu, theka la olowa pakhomo ndi abale, ndipo theka linalo ndi abale a akazi ako. Choncho timachita sewero. Ine ndimakhala mlamu, kapena malume, kapena mkulu wampingo, wophunzira akhale kuseri kwa kauntala andikanize. Oyamba amalephera ndithu, ngakhale akudziwa kuti ndi sewero. Amayang'ana pansi, amaseka, dzanja likupita lokha pashelefu. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, koma kudziwa mwambiwo sikuthandiza pamene wakupemphayo ndi amene anakulipirira fizi.

Yankho labwino kuposa onse sindinabwere nalo ine. Linachokera kwa mayi ena a ku Bangula. Ndinawalowera mwaulemu wonse.

"Alamu, tandipatsaniko botolo limodzi la dibi. Loweruka ndikagulitsa mbuzi ndibweretsa."

Sanayang'ane pansi. "Alamu, mukudziwa kuti ine sindingakumaneni. Koma katunduyu si wanga ndekha, a kampani amabwera kudzawerenga. Akapeza botolo lasowa andilanda chikwangwani, tonse tisowa pogula." Kenako anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa K1,000. "Iyi ndi yanga ya m'thumba. Muonjezere, mubwere mudzagule."

Gulu lonse linaomba m'manja. Mayiwo anaona chinthu chimene ngakhale mabwana anga sachitchula akamatsatsa franchise. Kwa munthu wochita bizinesi pakati pa abale, phindu lalikulu la dzina la kampani ndi loti limamupatsa wina womunamizira. Mwini golosale wamba akakana, wakana yekha, ndipo nkhani imafika kwa ankhoswe. Mwini franchise amaloza chikwangwani. Kampani ili kutali, ilibe maliro oti anthu akaikwiyire, ndipo ubale umatsala wosasweka. K1,000 ija ndi mtengo wa ubalewo, ndipo yatuluka m'malipiro awo, osati pashelefu.

Izi zonse n'zopanda ntchito ngati wophunzirayo si amene adzaime m'shopu. Kawirikawiri wobwera kumaphunziro ndi mwini ndalama, koma tsiku lotsegulira likapita amabwerera ku ntchito yake ku Blantyre, n'kusiya mphwake wongomaliza Fomu 4 amene sanamvepo chilichonse. Kapena bambo aphunzira, mayi ndi amene adzagulitse, chonsecho mayiwo sanaonepo pepala la mgwirizano. Pano ndimakana kuyamba ngati wodzagulitsayo sanabwere limodzi. Abambo ena amakwiya, amati ndalama ndi yawo. Ndimavomera kuti ndi yawo, n'chifukwa chake ndikufuna wodzaigwira tsiku ndi tsiku akhale pano.

Wogulitsa m'shopu ngati zathu amasanduka mlangizi, afune asafune. Mlimi amalowa ndi tsamba la tomato lopiringizika m'manja, kapena amangofotokoza kuti ng'ombe sikudya, ikutuluka dovu. Akuyembekezera yankho. Timaphunzitsa kuwerenga chizindikiro cha pabotolo: mlingo wake, masiku odikira usanathyole masamba opopera, masiku odikira usanamwe mkaka kapena kupha chiweto chobayidwa. Timaphunzitsanso kunena kuti, "Izi ndi za alangizi a ziweto, pitani mukawaitane," makamaka ng'ombe ikamatuluka dovu ndi kutsimphina, chifukwa amenewo akhoza kukhala matenda amene boma liyenera kudziwa. Kubweza kasitomala ali ndi ndalama m'manja n'kowawa, ndipo wophunzira amafunika kuona wina akuchita kuti akhulupirire kuti zimatheka.

Pamene timakangana kwambiri ndi pa kugawa mankhwala. Mlimi wa kadimba kakang'ono safuna botolo lonse, akufuna a K500. Pamsika amuthirira m'kabotolo ka chakumwa, kopanda dzina, kopanda mlingo, kokaikidwa pawindo pamene pali ana. Ife timaletsa, ndipo pamenepa sindinyengerera. Koma ndimauzanso kampani kuti kuletsa kokha ndi kutumiza makasitomala athu pansi pa mtengo paja. Ngati sitibweretsa timabotolo ndi timapaketi tating'ono tomata bwino, mwini shopu adzayamba kugawa mobisa mwezi woyamba umene lendi yamuvuta.

Kutentha nako kumafuna phunziro lake. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba yamalata yopanda siling'i kumaposa pamenepo. Mbewu yosungidwa motero imafooka, mlimi akabzala n'kusamera bwino sadzanena kuti ndi dzuwa, adzati shopu ija imagulitsa mbewu yabodza. Katemera amafuna pozizira. Buku limati muike mu filiji, ngati kuti magetsi ndi chinthu chokhazikika. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, siteshoniyo, imene imapereka pafupifupi mamegawati 130, inakhala yosagwira ntchito kupitirira chaka, ndipo ife okhala pafupi nayo tinali mumdima ngati wina aliyense. Choncho timakambirana za filiji ya sola, za bokosi lozizira, ndi za kuoda katemera wochepa pa tsiku limene magulu a alimi a nkhuku agwirizana kale kudzatenga.

Posankha nyumba ndimawatuma kukafunsa agogo oyandikana nawo kuti madzi a 2015 ndi a 2023 anafika pati. Mwini nyumba sanganene zoona, akufuna lendi. Agogo amakulozera pakhoma ndi ndodo. Mashelefu a katundu wodula ayambire pamwamba pa mzere umenewo, matumba akhale pa mathabwa, ndipo munthu adziwiretu kumene adzasamutsire katundu usiku wailesi ikachenjeza. Amene ali ndi inshulansi awerenge ngati madzi osefukira alimo. Msewu wa M1 unaduka m'malo angapo nthawi ya Ana, ndipo njira ya tsidya lakum'mawa, yodutsa ku Livunzu ndi Masenjere kupita ku Muona, imavuta mitsinje yochokera m'mapiri a Thyolo ikadzaza. Ukaoda wochepa mu Disembala, msewu ukaduka ulibe chogulitsa. Ukaoda wambiri, madzi akalowa wataya zonse. Pamenepa ndilibe nambala yowapatsa. Timayang'ana nyumba, msewu ndi mpamba wa munthuyo, n'kugwirizana.

Chinthu china chimene bukulo silinkatchula ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Katundu wathu wambiri amachokera kunja. Munthu amene anaoda botolo pa K10,000 n'kuligulitsa pa K12,000 amagona akusangalala kuti wapindula, koma akapita kukaoda lina n'kupeza lili pa K14,000, ndiye kuti wagulitsa shelefu yake pang'onopang'ono. Mtengo uyenera kuchokera pa ndalama yodzagulira botolo lotsatira, osati yomwe unagulira lapitalo. Koma mu franchise mtengo woti ugulitsire nthawi zambiri umachokera kulikulu, ndipo ukachedwa kufika woluza ndi wa pakauntala. Ndimawauza aimbe foni tsiku lomwelo, asadikire kalata.

Pa gulu lililonse pamakhala wina amene pakutha pa zonsezi amati, "Aphunzitsi, takhuta, koma ine izi ayi." Wina waona kuti mpamba wake sungamuolotse Febuluwale. Wina wazindikira kuti sangathe kuima pakauntala tsiku lonse, kapena kuti sangakanize apongozi ngakhale ataloza chikwangwani. Ku ofesi anthu otere amawalemba ngati otayika, chifukwa ntchito yathu amaiyeza ndi chiwerengero cha mashopu otsegulidwa. Ine ndimawaona mosiyana. Munthu amene wabwerera penshoni yake ili pafupifupi yathunthu akagula ng'ombe ziwiri kapena pampu ya kudimba, ndipo sadzayenda m'misika akuuza anthu kuti kampani ija inamudyera ndalama. Shopu imene yatsegulidwa ndi nyimbo n'kutsekedwa chaka chisanathe imasiya penti yathu pakhoma lokhoma, ndipo aliyense wodutsa pa minibasi amaiwerenga.

Nkhani imene sitinamvanebe ndi mabwana ndi ya ndalama yolowera. Panopa munthu amalipira kaye kenako n'kuphunzira, ndiye amene wasintha maganizo amataya gawo lake. Ine ndikufuna masiku owerenga mgwirizano ndi kujambula kalendala azichitika asanalipire kalikonse, ngakhale kampani itamawononga pa anthu amene sadzasaina. Iwo akuti tidzadzaza mabenchi ndi ongofuna kuba nzeru n'kukatsegula shopu zawozawo. Mwina n'zoona kwa ena. Pakadali pano avomera kuti tsamba la kalendala ya kuchigwa lilowe m'buku, ndi kuti ndiziyendera shopu iliyonse yatsopano kawirikawiri m'miyezi yake yoyamba, makamaka tsiku lowerenga katundu. Za timabotolo tating'ono akuti akukambirana ndi ogulitsa kunja.

Gulu lotsatira liyamba madzi akaphwa, kuti ophunzira adzaone nyengo ya dimba ili pachimake. Shopu yophunziriramo ikhala ya pa Ngabu. Mwini wa pa Nchalo wapempha kuti timupumitse, akuti watopa ndi kugwidwa ndi alendo kuti sanalembe botolo.